Kodi Oomba M'manja Apita Kuti?

Anthu a kuno kwa Nthache anandizolowera kuti ndine wa mafunso. Sukulu ndinailekeza panjira, ntchito yanga ndi manachesi ndi kamunda ka nandolo, ndipo zambiri zimene anzanga amaziona zosavuta, ine zimandizunguza mutu. Ndiye mundikhululukire, funso langa ndi lachibwana. Munthu wadzuka m'mamawa, wasamba, wakwera zitunda za kuno n'kutsika, wafika pabwalo, wakankhana ndi anzake mpaka wapeza malo kutsogolo. Ng'oma zayamba, gule watuluka. Nanga n'chifukwa chiyani munthu uja akutulutsa foni n'kuyamba kuonera gule yemweyo pa kagalasi kosakwana n'chikhatho chomwe? Gule ali pomwepo, fumbi lake likumulowa m'mphuno. Kodi wa m'foniyo ndiye amavina bwino?

Ndinafunsa mnyamata wina wa kabaza amene mkono wake unali m'mwamba kuyambira chilombo choyamba mpaka chotsiriza.

"Ndikusunga, madala."

"Ukusungira yani?"

"Ndikaonera kunyumba."

"Nanga wa chaka chatha uja unamuonera kangati?"

Anaseka. Akuti anafufuta kalekale, memore inadzaza. Ndiye kuti gule wa chaka chatha sanamuone pabwalo chifukwa ankamusunga, ndipo kunyumba sanamuone chifukwa anamufufuta. Ndikafunsa kuti tsono anamuona liti, anthu amati ndayamba zanga zija.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anapita ku India kukaphunzira za makompyuta mumzinda wa Pune. Atabwera kudzationa ndinamutulira funso lomweli, poganiza kuti kunjako anthu anathana nalo kale. Iye anati, "Amalume, Amwenye akukangana nkhani yomweyi, ndipo kwawoko ndi yotentha kuposa kuno." Ine Amwenye ndimawadziwira m'masitolo a ku Limbe ndi ku Blantyre, ndipo nyimbo zawo zimene ndinamvapo ndi za m'mafilimu zija, mnyamata ndi mtsikana akuthamangitsana m'mapiri. Mphwanga anati si zimenezo ayi, pali zina zamakolo, zimene munthu amaphunzira kuyambira ali mwana mpaka imvi.

"Amavina?"

"Ayi amalume, amakhala pansi atapinda miyendo, woimba ndi anzake awiri atatu. Ku Pune kuli chikondwerero chotchedwa Sawai Gandharva, chimachitika mu Disembala. Anachiyambitsa mu 1953 ndi woimba wotchuka, Bhimsen Joshi, pokumbukira mphunzitsi wake amene anamwalira mu 1952. Anthu amabwera zikwizikwi."

"Ndiye kuti ndi bona?"

"Tingotero, koma wopanda mowa."

"Bona wopanda mowa, wopanda wovina, anthu zikwizikwi. Amadzatani?"

"Amadzamva."

Anandifotokozera motere. Woimba wa kumeneko safika ndi nyimbo yomalizamaliza. Amafika ndi chimene amati raga: mawu angapo osankhidwa, malamulo a kakweredwe ndi katsikidwe kake, ndi malo oyenera kuchedwapo. Nyimbo yeniyeniyo amaiumba pomwepo anthu akumva, ndipo mawa sangaibwereze chimodzimodzi ngakhale mutamulonjeza ng'ombe. Poyamba pamakhala gawo lotchedwa alap, lopanda ng'oma, lapang'onopang'ono, loti nthawi zina theka la ola limatha woimba akungozungulira mawu ochepa. Kumbuyo kwake kumalira chipangizo cha khosi lalitali, tanpura, chimene ntchito yake ndi kungogwira liwu kuti woimba asasochere. Tsono pakati pa bata limeneli, foni ya wina ikalira ndi kanyimbo kake ka liwu lina, khutu la woimba limasokonezeka, ndipo zonse zimene wakhala akumanga zija zimagumuka.

Pamenepo ndinamva. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti raga iliyonse akuti ili ndi nthawi yake. Bhairav ndi ya mbandakucha, Yaman ya chisisira, Malkauns ya pakati pa usiku, ndipo za mtundu wa Malhar ndi za nyengo ya mvula. Ku Kolkata kuli msonkhano wa nyimbo wa Dover Lane, kumene amachezera usiku wonse mpaka kucha, za usiku kuimbidwa usiku, za m'mawa m'mawa. Ndiye ndinafunsa: munthu akajambula ya mbandakucha n'kumaimvera dzuwa lili paliwombo, ali m'minibasi ya ku Blantyre, kondakitala akukuwa pa Zalewa, imakhalabe ya mbandakucha? Mphwanga anangoti funso limenelo ndikafunse Amwenyewo. Komatu si la Amwenye okha. Ndinamvapo nyimbo ya pasiwa, yojambulidwa amayi akulira, ikutuluka m'foni pamalo omwera mowa, anyamata akuseka mmene mayi wina ankadzigwetsera pansi. Kale nyimbo inkakhala pamalo pake chifukwa panalibe chonyamulira. Lero ndani akuiuza malo ake?

"Ndiye kuti kumeneko anthu amangokhala duu mpaka nyimbo ithe?"

"Ayi ndithu, amalume. Mukakhala duu, woimba amayesa mwagona kapena simukutolapo kanthu. Akakhota bwino pamawu, odziwa amafuula kuti 'wah', ena amapukusa mutu, ena amatukula dzanja. Kummwera, ku Chennai, mwezi wa Disembala kumakhala zoimbaimba m'maholo ambirimbiri, kuphatikizapo la Madras Music Academy imene inakhazikitsidwa mu 1928. Kumeneko omvera amawerenga kugunda kwa nyimbo ndi manja: kumenya pantchafu, kuwerenga zala, kutembenuza chikhatho. Kazunguliridwe kodziwika kwambiri kummwerako kali ndi kugunda 8, ndipo kumpoto kotchuka n'ka kugunda 16. Woimba ndi wang'oma amasiyana njira, aliyense kuzungulira kwake, koma onse ayenera kudzakumana pa kugunda koyamba. Holo yonse imadikira pomwepo, ndipo akakumana mumamva anthu onse akupumira limodzi."

"Ndiye womverayo ali pa ntchito?"

"Ali pa ntchito."

"Ndi manja?"

"Ndi manja, ndi nkhope, ndi pakamwa."

"Nanga foni amaigwira ndi chiyani?"

Mphwanga anandiyang'ana, osayankha. Ine maganizo anali atabwerera kale pabwalo lathu.

Pakuti kuno vuto la kulira kwa foni ndi laling'ono. Ndi foni iti ingapose ng'oma ya mbalule? Ilire mpaka batire kutha, palibe angaimve. Koma pabwalo palibe munthu wobwera kudzangoonera. Wa mbalule maso ake ali pa mapazi a gule: phazi likagunda, ng'oma iyankhe, likanyenga, ng'oma inyengenso. Mpanje ukugwira pansi kuti anzake asathamange. Gule akaponya nyimbo, oilandira ndi amayi, ndipo amayiwo ndiwo amaomba m'manja, ndiwo amalulutira chilombo chikatembenuka mokoma, ndiwonso amachinyoza chikachita ulesi mpaka chipse mtima n'kuvina zenizeni. Ena akuthamangira m'kati kukasupa. Chotsani amayi aja, musiye gule yemweyo ndi ng'oma zomwezo, muone ngati fumbi lingabuke. Pa chioda ndi chimodzimodzi. Pa ngoma ya Angoni ndi chimodzimodzi. Ngakhale kutchalitchi, kwaya imaimba mosiyana mpingo ukamaomba nawo ndi pamene ukungoyang'ana.

Ndiye funso langa lenileni ndi ili. Kuomba m'manja kumafuna manja onse awiri. Mayi akakweza foni ndi dzanja lamanja, lamanzere likutchinga dzuwa pa galasi, akuomba ndi chiyani? Akakhala mmodzi palibe kanthu. Koma ndaonapo mzere wonse wakutsogolo, umene kale unali wa akatswiri olandira nyimbo, uli mafoni okhaokha m'mwamba, kuomba kukuchokera kumbuyo kwa agogo amene sakuona n'komwe chikuchitika. Wa mbalule akutembenuka kufunafuna manja oti atsamirepo, manja kulibe. Gule akuponya nyimbo, ikugwera pansi, akuiponyanso. Ndipo wojambula amadana ndi phokoso la pafupi naye. Mtsikana wina anatembenukira mayi ake aang'ono amene ankalulutira, n'kunena kuti, "Amayi, tachepetsani, mukundiwonongera vidiyo." Ine kukamwa kunangoti yasa. Ndiye kuti vidiyo yabwino ya gule ndi imene mulibe nthungululu? Akakaionera kunyumbako adzati anajambula chiyani?

Mphwanga anati oimba a ku India amadandaula zomwezo. Amakweza maso kufuna nkhope yoti iwauze ngati afikapo, n'kupeza misana ya mafoni. Anawonjezera kuti mayi wina wofufuza za maganizo a anthu ku America, Linda Henkel wa pa yunivesite ya Fairfield, anatengera ophunzira kunyumba yosungira zinthu zaluso, zina azijambula, zina azingoyang'ana. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2013, zinaonetsa kuti zimene anajambulazo ndizo sanazikumbukire bwino. Ndinafunsa ngati pankafunikadi yunivesite kuti zimenezi zidziwike. Anati kunjako chinthu sichikhala choona chisanalembedwe.

Nanga Azungu anachita bwanji? Akuti mu Januwale 2012, ku New York, wotsogolera gulu lalikulu la zoimbira la New York Philharmonic, Alan Gilbert, anaimitsa nyimbo ya Gustav Mahler itatsala pang'ono kutha, chifukwa foni ya munthu wa mzere wakutsogolo inkangolira osaleka. Nkhaniyo inalembedwa m'manyuzi m'mayiko ambiri. Oimba ena monga Bob Dylan ndi Jack White amalamula kuti foni iliyonse ilowe m'kathumba kokhoma ka kampani ya Yondr. Mwini wake amakhala nako, koma kamatsekulidwa potuluka pakhomo.

"Pakhomo pati?" ndinafunsa. Bwalo lathu lilibe chitseko. Wina amatulukira m'chimanga, wina kuseri kwa mango, wina akuonera ali m'mwamba mwa mtengo. Ndipo foni kuno si choseweretsa chabe. Ndi chikwama cha ndalama za Mpamba ndi Airtel Money, ndi tochi ya pobwerera usiku, ndi imene akuuzirepo kuti mwana wadwala kapena kuti ogula manachesi afika ndi lole. Ena amayenda ndi masimukhadi a mbali zonse, ya kuno ndi ya ku Mozambique, popeza Zobue ndi pakhomo pomwepa. Munthu wotere mungamulande foni? Ndiponso m'maholo a Azunguwo lamulo n'loti ukhale chete, ngakhale chifuwa uchigwire mpaka nyimbo ithe. Tikatengera zimenezo pabwalo, foni tachotsa inde, koma amayi olandira nyimbo aja tawatsekanso pakamwa. Tapindulanji?

Ndisanamizire foni zonse. Pa 1 Ogasiti 1971, Ravi Shankar, katswiri wa chipangizo cha sitar, anaimba ku Madison Square Garden ku New York pamodzi ndi Ali Akbar Khan ndi Alla Rakha, pothandiza othawa nkhondo a ku Bangladesh. Anayamba wapempha anthu kuti asasute fodya. Kenaka oimbawo anatenga kanthawi akukunga zingwe zawo, ndipo atamaliza kukungako khamu linaomba m'manja, poyesa kuti imeneyo inali nyimbo. Panalibe foni ngakhale imodzi. Ku Chennai nako akuti kuli chizolowezi chakale chimene oimba amadandaula nacho: ikafika nthawi yoti wang'oma ya mridangam aonetse luso lake payekha, ambiri amanyamuka kupita ku kantini kukadya. Kuno nako zidakwa zolowa pakati pa bwalo sizinayambe lero, ndipo atsabwalo ankayenda ndi kamkwapulo mafoni asanabwere. Koma chidakwa aliyense amaona kuti chalakwa, anthu amachikokera kunja. Wojambula ndi mwana wa amfumu, ndi aphunzitsi, ndi mlendo wobwera pa galimoto. Tsabwalo ayambire pa yani?

Tsono pali pena pamene mutu wanga umaima zenizeni. Agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, anaimba zaka zambirimbiri ndi gitala lawo, dzina likumveka koma m'thumba muli mbee. Mu 2020 anajambula nyimbo zawo zakale pamodzi ndi Patience Namadingo, ndipo pambuyo pake nyimbo ya Linny Hoo inayenda pa TikTok mpaka kumayiko amene Chichewa sanachimvepo. Anaiyendetsa ndi ana a mafoni omwewa. Ndiwanyoze bwanji? Ndipo kujambula sikunayambe ndi iwo. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 ndi makina ojambulira mawu, ndipo zimene anatola zikusungidwa ku International Library of African Music, pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka mu 1967, n'kuwajambula mawu ndi kanema yemwe. Daniel anamwalira mu 1987, koma kayendedwe ka zala zake pa gitala kakhoza kuonedwabe lero.

Ku India kunali mphunzitsi wamkulu wa nyimbo, Alladiya Khan, amene anamwalira mu 1946 osalola kuti mawu ake aikidwe pa mbale ya galamafoni. Lero anthu amangomva mbiri yake. Wophunzira wake, mayi Kesarbai Kerkar, nayenso anali wovuta pa nkhani yojambulidwa, koma pa zimene analola, imodzi inaikidwa pa mbale yagolide imene Amereka anatumiza kuthambo ndi zombo za Voyager mu 1977. Ndiye anachita bwino ndani, mphunzitsi kapena wophunzira? Ine ndikadakonda kumvanso mawu a agogo anga aakazi akuimba pamtondo. Palibe anawajambula.

Ndinafunsa mphwanga kusiyana kwa makina a Tracey ndi foni ya masiku ano. Anati foniyo ndi yopepuka, ndipo imatola chithunzi chomwe.

"Nanga tsono vuto lili pati, mphwanga?"

"Makina a Tracey anali amodzi, amalume. Ena onse anapitiriza kuimba ndi kuomba m'manja. Ndipo iye ankalemba kuti nyimbo iyi ndi yakuti, aimba ndi auje, malo akuti, chaka chakuti."

Ndinaganiza za mavidiyo amene amafika pa WhatsApp m'foni ya amayi a kunyumba. Gule akuvina mwaluso, koma wa mudzi uti? Wang'oma ndani? Chinali chiyani, maliro, chinamwali, kapena kulonga mfumu? Palibe akudziwa, palibenso akufunsa. Pamwamba wina walembapo mawu oseka, basi.

Sindikuiwala ana athu amene ali ku Joni, ku Tete ndi ku Lilongwe. Mayi amwalira, mwana ali kutali, ndalama kapena mapepala obwerera alibe, ndiye mlongo wake akukweza foni kumanda kuti aone nawo mwambo. Ameneyo ndilibe naye funso. Koma kodi mwana mmodzi wa ku Joni amafuna mafoni makumi awiri?

Funso lina: chojambulidwacho n'chayani? Gule ali ndi eni ake. Pali mwini mzinda, pali akuluakulu a kudambwe, ndipo pali malo ndi zinthu zimene wosameta sayenera kuziona; ine sindizitchula pano. Kale munthu akaona chosayenera, nkhani inkathera kwa amfumu ndi nkhuku kapena mbuzi. Lero foni imaona chosayenera n'kuuza anthu zikwi dzuwa lisanalowe. Mulipiritsa ndani? Bungwe la UNESCO mu 2005 linalengeza kuti Gule Wamkulu wa Malawi, Mozambique ndi Zambia ndi chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi, ndipo mu 2008 linamulemba m'kaundula wake. Ndinakondwa nditamva. Koma chinthu chikakhala cha anthu onse, ndiye kuti mwini mzinda wachotsedwa? Ku Mua, pa malo a Kungoni amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kuli nkhope za zilombo mazana angapo zoti mlendo akhoza kukaona, komatu munthuyo anakhala pakati pa eni ake zaka zambiri, akufunsa ndi kumvetsera. Ku Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, makamera amakhalapo ambirimbiri mwezi wa Ogasiti, koma zilombo zimene zimapita kumeneko zimadziwa kuti zikukaonekera ku dziko. Nanga chilombo cha pamaliro a kumudzi chinauzidwa ndi ndani?

Mphwanga anati nkhawa yotere iliponso ku India. Nyimbo zina zimasungidwa m'mabanja a oimba, amati gharana, mphunzitsi kupatsira wophunzira kuchokera pakamwa kupita m'khutu kwa zaka zambiri. Bhimsen Joshi uja anali wa banja lotchedwa Kirana. Ndiponso popeza woimba amaumba nyimbo pomwepo, amayesa njira zoopsa, nthawi zina n'kuterereka. Pamaso pa anthu odziwa, kuterereka kumakhululukidwa usiku womwewo, pakuti aona pamene munthu amafuna kufika. Koma akadziwa kuti mawa kuterereka kokhako kudzakhala pa YouTube, kodulidwa mutu ndi mchira, amasankha njira imene anaizolowera. Ndinati kodi si zapachibale ndi zimene ndikuona kuno? Zilombo zina zayamba kuvinira kumene kuli mafoni, kufulatira ng'oma ndi amayi, n'kumachita zogubuduka zoti zikaseketse anthu pa Facebook. Wa mbalule akutsatira mapazi amene sakumumveranso.

Za ndalama ndinafunsanso. Dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa luso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA limatolera ndalama m'malo mwa oimba, kuphatikizapo kamsonkho ka pa zipangizo zosungira nyimbo zikamalowa m'dziko. Lamulolo limatinso luso la makolo lili m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse. Chabwino. Nanga wa mbalule amene zikhatho zatuluka matuza, gawo lake limamufika bwanji? Njira imene iye amaidziwa ndi kusupa, ndipo kusupa kumafuna kuti munthu atsitse foni, apise m'thumba, alowe m'fumbi. Mphunzitsi wina anandiuza kuti ndine wotsalira, masiku ano ndalama zili m'foni. Ndinamupempha nambala ya Mpamba ya Chadzunda. Mpaka lero sanandipatse.

Pomaliza ndinafunsa mphwanga chimene Amwenyewo achita. Anati m'maholo ambiri amalengeza nyimbo zisanayambe kuti mafoni azimitsidwe ndipo pasakhale wojambula, ndipo eni mwambo ena amajambula okha, atagwirizana ndi woimba, n'kuika pa intaneti. Ena amamva, ena amajambulabe mobisa foni ili pamiyendo.

"Ndiye kuti sizinathe?"

"Sizinathe, amalume."

"Koma amanena?"

"Amanena."

Kuno sitinena n'komwe. Ine sindine mfumu, sindine namkungwi, koma ndili ndi pempho kwa magulupu, nyakwawa ndi atsabwalo a kuno kwa Nthache, ndi kwa akuluakulu a mipingo omwe. Ng'oma zisanayambe, pamene mumalengeza kuti ana akhale pansi ndi kuti oledzera atalikire, nenaniponso za foni. Eni gule anene okha chimene chingajambulidwe ndi chimene sichingajambulidwe. Sankhani achinyamata awiri a dzanja losanjenjemera, aime pambali, ajambule, alembe mudzi, tsiku, mwambo wake ndi dzina la wang'oma, madzulo atumizire aliyense wofuna, wa ku Joni yemwe. Ena tonsefe mafoni alowe m'thumba kapena pamfundo ya chitenje, tiimbe ndi kuomba. Ngati pamenepa pali chovuta chimene ine sindikuchiona, odziwanu mundiuze. Ndipo potumiza vidiyoyo, muyambire amene anasupa.